Anati ndine mboni chabe

Makina otapira ndalama a ku banki amatulutsa kapepala kopyapyala, kamene zilembo zake zimafufutika ukakasunga miyezi iwiri m'chikwama. Kanga ndinakajambula pa foni, ndiye ndikadali nako. Pali mizere iwiri. Wapamwamba ukuti saldo contabilístico, ndalama yonse imene ili mu konta (akaunti), mametikali 96,500. Wapansi ukuti saldo disponível, ndalama imene ungatape, ndipo patsogolo pake pali ziro. Ndalama ilipo, koma sungaikhudze. Tsikulo linali Lachiwiri, mu Novembala 2023, kuno ku Ulongwe wa ku Mozambique, ndipo kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu odikira kuti ndichoke.

Ndinalowetsanso khadi kachiwiri poganiza kuti mwina netiweki yavuta monga imachitira. Kapepala kachiwiri kananena zomwezo. Ndinalowa mkati. Mtsikana wa pa kauntala anayang'ana pa kompyuta, kenaka anandiyang'ana ine, n'kutsitsa mawu: "Mayi, ndalamayi ili cativo, yamangidwa. Kwabwera kalata ya ku tribunali, ku bwalo la milandu. Ife tangotsatira, sitingachite kanthu." Ndinamufunsa kuti tribunali yandidziwa bwanji ine wogulitsa nyemba ndi sopo. Anandifunsa ngati ndili ndi ngongole kwinakwake. Ndinati ayi, ndipo ndinayankha ndi mtima wonse, chifukwa m'mutu mwanga ndinalibe ngongole ndi munthu.

Nkhani inayamba zaka ziwiri m'mbuyo mwake. Mu Okutobala 2021 alongo anga aakulu anabwera ku golosale kwanga madzulo, nditayamba kale kulongedza. Iwo ndi mlimi wa kachewere, ali ndi dimba lalikulu ndithu kumudzi kwathu, ndipo chaka chimenecho ankafuna kugula pampu ya injini, mbewu yabwino ndi feteleza kuti azikolola nthawi imene ena alibe, mtengo uli pamwamba ku msika wa Kwachena ku Tete. Bungwe lina lokongoza ndalama linavomera kuwapatsa 150,000, koma linati abwere ndi munthu wa konta ku banki, wa NUIT (nambala ya msonkho) ndi BI (chiphaso cha unzika), woti asayine nawo.

"Achemwali, n'zongosayina basi, kuti adziwe kuti ndine munthu wodziwika. Inu mungokhala mboni."

Sindikuwanamizira kuti anandipusitsa dala. Ndikhulupirira kuti nawonso ankaganiza choncho. Kwathu munthu akamagula mbuzi kapena akamabwereka khasu pamakhala mboni, ndipo mboni ntchito yake ndi kunena zimene inaona. Mbuzi ikafa mboni silipira. Ndi nzeru imeneyo imene ndinapita nayo ku ofesi kuja. Anatipatsa mapepala asanu ndi limodzi a zilembo zing'onozing'ono. Ine sukulu ndinalekeza kalasi ya 10, Chipwitikizi cha pa msika ndi cha pa wailesi ndimachimva bwinobwino, koma cha m'mapepala aja ndi chilankhulo china. Mnyamata wa pa ofesiyo ankangoloza ndi cholembera: apa, apa, ndi apa kuseri. Kunja kunkagwa mdima, golosale ndinali nditasiyira mwana. Ndinasayina.

Pansi pa dzina langa panali mawu akuti fiadora e principal pagadora. Ndinawaona ndithu. Kuwafunsa ndiye ayi.

Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana, sabata ija mlatho wa pa Revubue pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Kumudzi kwathu mtsinje unasefukira n'kulowa m'madimba. Kachewere yense anakwiririka ndi mchenga, pampu anaipeza patapita masiku anayi itakodwa m'bango, injini itadzaza matope. Alongo anga anayesa kudzukanso, koma chaka chomwecho feteleza anakwera mtengo nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Analipira miyezi inayi, wachisanu analipira theka, kenaka anasiya. Mu Ogasiti anakwera basi ya ku Joni, akuti akasake ya ngongoleyo. Nambala yawo ya kuno inasiya kugwira.

Ndiye anayamba kubwera anyamata awiri a pa njinga yamoto. Ulendo woyamba anali aulemu, anafunsa za alongo anga n'kumapita. Ulendo wachitatu anaimika njinga pakhomo penipeni pa golosale, makasitomala akuona, mmodzi n'kumaloza firiji yanga ya zakumwa kuti sabata yamawa abwera ndi galimoto kudzainyamula. Wina anati andiitanira apolisi. Ndinachita mantha masiku awiri, kenaka mnzanga wina wa pa msika anandiuza kuti asandiopseze, munthu sanganyamule katundu wa mwini popanda pepala la ku tribunali, ndipo ngongole wamba si mlandu wa polisi. Ananena zoona. Anyamata aja atabweranso ndinawauza kuti andionetse pepala la woweruza, ndipo anachoka akung'ung'udza.

Koma apa m'pamene ndinadzipweteka. Nditaona kuti kuopseza kwawo kunali kwa pakamwa, ndinayamba kuona pepala lililonse la nkhaniyi ngati kuopseza komweko. Mu Juni 2023 kunabwera bambo wina wachikulire, woyenda pansi, atanyamula chikwama chakuda chothetheka m'makona. Sanakweze mawu. Anati ndi oficial de diligências, mthenga wa ku tribunali, anandipatsa mapepala, n'kundipempha kuti ndisayine kuti ndalandira. Anandiuzanso m'Chichewa chomveka bwino kuti, "Mayi, muwerenge, muli masiku m'menemo." Ine ndinati nkhaniyi ndi ya alongo anga, ali ku Joni. Iwo anati, "Dzina lili apa ndi lanu." Ndinasayina kuti achoke, mapepalawo ndinawaika pansi pa kabuku ka ongongola sopo ndi mchere, ndipo anakhala pomwepo miyezi isanu. Mbewa inadyako ngodya imodzi.

Pa anthu onse amene anabwera pakhomo panga chifukwa cha ngongoleyi, woopsa anali bambo wofatsa uja, osati anyamata aphokoso a pa njinga. Ndinazindikira zimenezi nditaima pa kauntala ya banki.

Chimene chinandidula miyendo si ndalama yanga. Pa 96,500 ija, yanga inali 27,500 yokha, ya katundu wa Khirisimasi. 8,000 inali ya amayi, anagulitsa mbuzi n'kundisungitsa. 61,000 inali ya gulu lathu la poupança, losunga ndalama pamodzi, amayi 19 amene timakumana Lachinayi lililonse kuseri kwa tchalitchi. Ine ndinali msungichuma. Tili ndi bokosi la maloko atatu monga magulu ena, koma ndalama ikachuluka chakumapeto kwa chaka tinkaopa akuba, ndiye tinagwirizana kuti ndizikaisunga mu konta yanga. Kugawana kunali kwa sabata yachiwiri ya Disembala. Amayi aja anali atawerengera kale, wina feteleza wobereketsa, wina malata, wina yunifolomu ya ana.

Lachinayi limenelo ndinapita ndi kapepala ka ku makina kaja ndi mapepala odyedwa ndi mbewa. Ndinafotokoza nditaimirira. Panakhala chete. Kenaka mayi wina wamkulu, amene anandiona ndikubadwa, anati, "Mwanawe, ife sitikukana kuti wagwa m'mavuto. Koma ndalama yathu yalowa bwanji m'ngongole ya kwanu?" Ndinalibe yankho. Wina kumbuyo ananong'ona mokweza dala kuti asungichuma onse amayamba ndi nkhani zotere. Mawu amenewo anandipweteka kuposa ziro wa pa kapepala.

Amene anandilozera njira ndi msuweni wanga, mphunzitsi. Anati ndipite ku IPAJ, ofesi ya boma imene inakhazikitsidwa mu 1994 kuti izithandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya. Ndinali ndisanaimvepo, chonsecho ndimadutsa pafupi napo popita kukaoda katundu. Bambo amene ndinawapeza kumeneko anayala mapepala anga pa tebulo, anawerenga mwakachetechete, n'kuika chala pa mawu aja a pansi pa dzina langa.

Anandifotokozera motere. Mboni pa Chipwitikizi ndi testemunha, ndipo mawu amenewo sanalembedwe paliponse. Fiador ndi munthu amene walonjeza kuti wokongola akalephera, alipira ndi iye. Malamulo a Código Civil, amene tinatengera kwa Apwitikizi ndipo akugwirabe ntchito, amamupatsa fiador chishango chimodzi: akhoza kukana kulipira mpaka wokongoza atayamba walanda ndi kugulitsa katundu wa mwini ngongole. Koma chishango chimenecho munthu amatha kuchitaya ndi siginecha yake, ndipo mawu akuti principal pagadora ntchito yake ndi yomweyo. Nditasayina pamenepo, bungwe lija linali ndi ufulu wosankha woyamba kumugwira, ndipo palibe amene angasiye munthu wa golosale ndi konta ku vila n'kumakasaka wina ku Johannesburg.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanandiitane kukaima pamaso pa woweruza, kuti ndinene mbali yanga, chigamulo chisanaperekedwe. Ine ndinkadziwa kuti mlandu umayamba ndi kumva mbali zonse, monga zimakhalira kwa amfumu. Anati milandu ya ngongole ili pawiri. Pali umene wokongoza amayenera kuyamba watsimikizira bwalo kuti ngongole ilipodi, woweruza n'kupereka sentença, chigamulo chake. Koma pali mapepala ena amene lamulo limawalemekeza ngati chigamulo kale, ndipo limodzi mwa iwo ndi livrança, kapepala kolonjeza kulipira kamene ndinasayina kuseri kwake. Wokhala ndi pepala lotere amapita ku tribunali kukapempha kuti ngongole itoleredwe basi. "Ndipo kuitanidwa munaitanidwa, mayi," anatero akukweza pepala lodyedwa ngodya lija. Linkandipatsa masiku ochepa, osakwana masabata awiri, oti ndilipire, kapena nditchule ndekha katundu woti agwire, kapena nditsutse. Nditakhala chete, mwayi wotchula katundu unapita kwa okongoza. Iwo anatchula konta. Woweruza analamula penhora, kutanthauza kugwira katundu wa wangongole, kalata inapita ku banki, ndipo banki ikalandira kalata yotere siikufunsa maganizo ako.

Ngongole ija inali itakula. Alongo anga analipirako ndithu, koma chiwongoladzanja, chilango cha kuchedwa ndi ndalama za bwalo zinaikankhira pa 212,000. Mlandu suola, amatero akuluakulu, koma uwu unkachita kunenepa uli pansi pa kabuku ka sopo.

Pa za ndalama ya gulu anandiuza mosabisa. Ndalama ikalowa mu konta ilibe dzina lina koma la mwini konta. Banki sidziwa kuti iyi ndi ya mbuzi ya amayi, iyi ndi ya malata a uje. Njira ilipo yoti munthu wapadera akadandaule ku bwalo kuti katundu wagwidwayo ndi wake, koma pamafunika umboni wolimba ndi nthawi. Umboni wathu unali kope la sukulu lolembedwa ndi pensulo, ndipo ndalama ya gulu ndinkaiponya pamodzi ndi ya golosale, tsiku limodzi, pa risiti imodzi. Ndani akanazilekanitsa?

Pali zina zimene ndinamva tsiku limenelo zimene zinanditsitsako mtima. Amayi kumudzi sankagona poganiza kuti munda wa makolo upita. Sungapite. Lamulo la malo la 1997 limanena kuti nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, siikidwa chikole, ndipo sigwidwa pa ngongole. Zinthu zimene banja silingakhale popanda izo, monga pogona, zovala ndi ziwiya zophikira, nazonso sizigwidwa. Wa pa ntchito yolembedwa ngati msuweni wanga sangalandidwe malipiro onse, amadulidwa osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Ine ndinaseka mowawidwa pamenepo, chifukwa ife a geni tilibe pepala la malipiro. Ndalama yathu yodyera, ya katundu ndi ya anthu ena imagona malo amodzi, ndipo ikagwidwa imagwidwa yonse.

Ena anandilangiza kuti ndikadandaule ku tribunali ya m'mudzi, ija ya anthu osankhidwa m'dera. Mabwalo amenewo alipo mwalamulo kuyambira 1992 ndipo amathandiza pa mikangano ing'onoing'ono, kuyanjanitsa anthu. Koma sangalamule banki kumasula konta imene woweruza wa boma wamanga. Enanso anati ndikanakhala wochenjera ndikanasunga zonse pa M-Pesa kapena e-Mola. Amenewo ndimangowayang'ana. Nambala ya foni nayo inalembetsedwa ndi BI yako yomweyo, ndipo kubisa ndalama sikufafaniza siginecha.

Chimene chinatheka ndi kukambirana. Bambo a ku IPAJ aja analemba kalata, tinakumana ndi loya wa bungwe lija kawiri. Ulendo woyamba anangomvetsera. Wachiwiri anavomera kuchotsako 25,500 pa chilango cha kuchedwa, 96,500 yogwidwa ija ipite ku ngongole, yotsala 90,000 ndizilipira 6,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 15. Zonse zinalembedwa n'kukaperekedwa ku tribunali. Ulendo umenewu pepala ndinaliwerenga mzere ndi mzere, pamene sindinamve ndinkafunsa, mpaka loya uja anayamba kuyang'ana wotchi. Sizinandikhudze.

Ndimaganizabe kuti ndikanapita ku IPAJ mu Juni, sabata imene bambo wa chikwama chakuda anabwera, zambiri zikanatheka. Ngongole sindikanaithawa, siginecha inali yanga. Koma kukambirana komweku kukanachitika konta isanamangidwe, ndalama ya amayi a gulu ndikanaichotsa n'kuwabwezera m'bokosi lawo, ndipo chilango cha miyezi isanu sichikanawonjezekera.

Amayi a gulu ndinawabwezera m'magawo atatu. Ndinagulitsa firiji ija, yomwe ndinaikaniza anyamata a pa njinga, ndipo ndinaigulitsa ndekha motchipa. Ndinagulitsa matumba a nyemba amene ndinkasungira mtengo wa Febuluwale. Kotsala anandikongoza apongozi anga, opanda pepala. Kugawana kwa Disembala kunachitika mu Malichi, feteleza wa anthu atachedwa kale, ndipo chaka chimenecho mvula inadulanso. Awiri anatuluka m'gulu. Mmodzi mpaka lero tikakumana pa chigayo amandipatsa moni wa pakamwa pokha. Sindimuimba mlandu. Usungichuma ndinatula ndekha asanandiuze. Pano gulu lili ndi konta yakeyake, ya anthu atatu osayinira, ndipo ine sindili m'gulu la atatuwo.

Panatulukanso china chimene sindinkachidziwa. Mabanki ndi mabungwe okongoza amapereka mayina a angongole ku kaundula wa ku Banco de Moçambique. Nditafuna kukongola pang'ono kuti ndidzazenso mashelefu, anandiuza kuti dzina langa likuoneka kumeneko, ndidikire. Ine amene sindinagwireko ngakhale metikali imodzi ya 150,000 ija.

Bungwe lokongoza lija sindilikhululukira pa chinthu chimodzi. Mnyamata woloza ndi cholembera uja ankalankhula Chichewa ngati ine ndemwe. Zikanamutengera mphindi imodzi kunena kuti, mayi, apa mukuvomera kuti achimwene anu akalephera mulipira ndinu. Mwina ndikanasayinabe, chibale ndi fupa. Koma ndikanasayina ndikudziwa, ndipo ndalama ya anthu sindikanaiika pafupi ndi dzina langa. M'boma muno anthu ambiri amene amasayina mapepala otere Chipwitikizi chawo sichifika pa changa.

Alongo anga anabwera mu Disembala 2024, ataonda, ali ndi chikwama chimodzi. Ku Joni ankagwira maganyu a zomangamanga, mwezi wina ntchito, mwezi wina ayi. Atsibweni anaitanitsa banja pa khonde la amayi. Alongo anga anakhala pa mpando waufupi, maso pansi, chipewa chili m'manja. Anapepesa. Atsibweni analankhula nthawi yaitali za magazi amodzi, kuti zapita zapita, munthu wabwera wamoyo tithokoze. Ndinadikira amalize, ndinawomba m'manja mwaulemu, kenaka ndinatulutsa kope.

Bambo a ku IPAJ anali atandiuza kuti fiador akalipira, ufulu wa wokongoza uja umasamukira kwa iye, ndiye kuti mwalamulo alongo anga ali ndi ngongole ndi ine ya 186,500, ndipo nditafuna ndikhoza kuwatengera ku tribunali komweko. Sindikufuna. Ndinawauza choncho pamaso pa onse. Koma ndinati tilembe, m'Chichewa, kuti azibweza pokolola paliponse, kaya ndi ndalama kaya ndi matumba a kachewere pa mtengo wa tsikulo, ndipo amfumu adindepo.

Amayi anagwira pakamwa. "Mpaka kulemberana, ana a mimba imodzi?"

Ndinati, "Amayi, mbuzi zanu zija zinapita ndi pepala. Zibwerenso ndi pepala."

Atsibweni anatsokomola, anayang'ana alongo anga. Iwo anatambasula dzanja kupempha cholembera. Asanasayine ndinawawerengera mokweza mawu onse, kawiri, ndipo ndinawafunsa ngati amva. Atsibweni anasayina pansi pawo, ndipo patsogolo pa dzina lawo ndinalemba ndekha ndi zilembo zikuluzikulu kuti MBONI. Anafunsa ngati mawu amenewo sadzawagwiritsa njinga yawo. Ndinawatsimikizira kuti ayi.

6,000 yomaliza ndinalipira mu Epulo 2025, ndipo ndinakana kuchoka pa ofesi paja mpaka atandipatsa kalata yodinda yonena kuti ngongole yatha. Ili m'pulasitiki, pamodzi ndi BI. Alongo anga abwezako 54,000 kufika lero, yambiri m'matumba. Sabata yatha anatumiza mnyamata ndi ngolo, matumba anayi, limodzi linali ndi wowola pansi. Ndinachotsera theka la thumba, ndinalemba m'kope, ndipo ndinawaimbira foni kuwauza chiwerengero chatsala.